Majombo a Amayi Ako

Chilobwe, Loweruka masana

Tiyamike mwana wanga,

Kalata iyi ndinaiyamba Lachitatu. Lero ndi Loweruka, mawa ukunyamuka, ndipo ine ndikadali nayo. Usaseke zilembo zanga. Ukudziwa kuti cholembera ndinachigwira imvi zitabwera kale, kusukulu ya kwacha ya kutchalitchi kuja, ndipo dzanja lozolowera fosholo likagwira cholembera limalemba ngati likukumba ngalande. Ndikanatha kupempha wina kuti andilembere. Koma zimene zili muno si zodutsa m'khutu la munthu wachitatu. Uwerenge pang'onopang'ono monga ndalembera, ndipo usaime panjira ngakhale pamene ungafune kuing'amba.

Anthu andinena mokwanira chifukwa cha maphunziro akowa. Dzana a Bwanali, ogulitsa makala pamsika aja, anandiimitsa. Ati, "Achimwene, tamva mwana wasankhidwa ku yunivesite. Udokotala eti?" Ndinati ayi, uinjiniya wa zachilengedwe. Dzina lake la Chingerezi lilime langa limalikana. Ati, "Wa chiyani?" Ndinawafotokozera monga unandifotokozera iwe: madzi akumwa, madzi oipa otuluka m'zimbudzi ndi m'mafakitale, zinyalala, utsi. Anaseka mpaka kugwira bondo. Ati, "Zaka zonsezo kukaphunzira kutapa chimbudzi? Bwanji osangomugulira wilibala, ife timuphunzitse ulere?" Amenewo usawawerengere, mwana wanga. Tsiku limene m'mimba mwawatsegula amathamangira kuchipatala osafunsa kuti chitsime chimene amamwacho chili moyandikana ndi chiyani.

Koma nanenso ndinakukaniza. Ukukumbukira. Ndinati pita ku unamwino, pita ku uphunzitsi, china chilichonse. Iwe unaganiza kuti ndikuchita manyazi ngati a Bwanali. Sanali manyazi. Anali mantha. Tsiku lija tikudya unanena kuti, "Ababa, ine ndikufuna ndidzadziwe chimene chinali m'madzi amene anadya miyendo ya amayi, ndiponso munthu amene anachithiramo." Ndinasamba m'manja n'kutuluka panja, iwe n'kumati mwina chakudya chapserera. Munthu ameneyo safunika zaka za ku yunivesite kuti umupeze. Ndi amene ankakuperekeza kusukulu atakunyamulira chikwama. Ndine, Tiyamike. Ndalemba kamodzi ndipo sindifufuta. Tsopano imva mmene zinayendera, chifukwa malangizo ena ine ndilibe. Amene ndili nawo ndinawatola m'zolakwa zanga.

Ndiyambe ndi gudumu. Ndinabwera m'tauni muno kuchokera ku Phalombe ndili ndi malaya awiri. Makolo anga anachita kuwoloka malire kuchokera ku Mozambiki, ndipo chimene anandiphunzitsa n'chakuti mlendo sakweza mawu. Ndinapeza ntchito pafakitale yofufuta zikopa, kuseri kwa Ginnery Corner. Dzina lake sindilemba. Yasintha mayina ndi eni ake kangapo, koma paipi sinasinthe. Kuseri kwa fakitaleyo kunali dziwe la simenti kumene madzi onse otsukira zikopa ankathera. Madzi obiriwira ngati ndulu, onunkha moti ngakhale ntchentche zinkazungulira patali. Makina oyeretsa madziwo analipo, opakidwa utoto bwinobwino, koma anafa ine ndisanalembedwe ntchito. Alendo akamabwera tinkawapukuta fumbi. Pambali pa dziwe panali gudumu lachitsulo ngati chiwongolero cha lole. Ukalipotoza, madzi ankalowa m'paipi yodutsa pansi pa mpanda n'kukatulukira m'mabango, m'mphepete mwa mtsinje. Kapitawo wathu, a Namaona, anandigwiritsa gudumulo sabata yanga yoyamba. Ati, "Jositino, mvula ndi bulangete. Ikafunda mtsinje, iwe tsegula. Madzi akafiira ndi dothi palibe amene aone zathuzi." Ndinafunsa kuti nanga chilimwe? Ati, "Chilimwe ndi Lamulungu, belu lachiwiri likalira. Azimayi amakhala ali kutchalitchi, kumtsinje kulibe wochapa. Ukuona? Ifenso tili ndi chifundo." Ndinaseka nawo, Tiyamike. Ndinaseka.

Ndiye ukadzafika pamalo n'kukuonetsa makina owala, usagwedeze mutu. Uwauze kuti ayatse. Uike dzanja pachitsulo umve ngati n'chofunda. Uyang'ane pansi ngati pali njira yopondedwa yopita pamakinawo, kapena udzu wamera mpaka pakhomo. Ndipo usamapite tsiku limene wawauza kuti ubwera. Upite mvula ikugwa. Upite Lamulungu belu likulira. Mulungu adzakumvetsa kuposa mmene anandimvetsera ine, chifukwa ine ndinkakalapa kwa bambo mfumu kuti ndajomba Misa, koma chimene ndinkachita pojombapo sindinachitchule n'kamodzi komwe.

Tsopano botolo. Kawiri kapena katatu pachaka kunkabwera bwana woyeza madzi, munthu wophunzira ngati mmene udzakhalire iwe. Ife tinamupatsa dzina lakuti a Nsapato Zowala. Ankatsika galimoto pakhomo penipeni pa ofesi, n'kulowa, tiyi n'kubwera ndi mabisiketi. Kenako ankatulutsa mabotolo m'chikwama n'kunena kuti, "Atumeni anyamata akatunge kumene madzi anu amatulukira." Kuchokera pa ofesi kukafika m'mabango ndi mtunda woti munthu ndudu sangaimalize. Sanauyendepo. Ulendo woyamba ine, mwa umbuli wanga, ndinakatunga m'mabango momwemo. Madzi ali biriwiri m'botolo. A Namaona anandigwira pakona ya shedi ndisanafike. Analanda botolo n'kukhuthula pansi. Ati, "Iwe Mlomwe, wapenga? Ukufuna atseke fakitale? Anzako onsewa ukawadyetsa ndiwe?" Anatsuka botololo, n'kulidzaza pampopi umene tinkamwapo. Kenako anawerama pamaluwa a pakhomo, n'kutsina kadothi ndi zala ziwiri, n'kuponyamo, n'kukhutchumula. Ati, "Madzi a mumtsinje sayera ngati a m'kapu. Usamaiwale kadothi." Ndinapereka botolo ndi manja awiri. A Nsapato Zowala analiyang'ana padzuwa, n'kulemba papepala, n'kupempha tiyi wina.

Kuyambira tsiku limenelo sanafunikenso kundiuza. Ndinakhala katswiri wa kadothi. Ndinkadziwa kuti dzinja kachuluke pang'ono, chilimwe kachepe. Nthawi zina ndinkaponyamo kachidutswa ka udzu kuti zioneke zenizeni. A Namaona ankandiyamikira pamaso pa anzanga, ine n'kumamva kukoma. Zaka zonsezo mapepala ankanena kuti mtsinje uli bwino, pamene achule anasiya kulira. Mwana wanga, madzi a m'botolo uzikatunga wekha. Ngakhale akupatse mpando wofewa chotani, ngakhale tiyi akhale wa mkaka, dzuka. Munthu amene angakuuze kuti, "Madamu, musavutike, kuli matope, titume munthu," ameneyo wakuuza kale chimene chili kumeneko. Wotumidwayo ndimamudziwa. Ali ndi ana, ali ndi mantha, ndipo ali ndi zala ziwiri.

Cholakwa chachitatu ndi chimene chandichedwetsa masiku awiri, chifukwa ndikafika apa cholembera chimalemera. Iwe uli ndi zaka zitatu, amayi ako anapeza dimba. Anabwera akusekerera, ati mayi wina wa kutchalitchi wawagawira kamalo m'mphepete mwa mtsinje. Nditafunsa kuti mtsinje uti, pati, anandilongosolera malowo. Kunali kumunsi kwa mabango aja. Osati patali. Ndikanangonena mawu ochepa: amake Tiya, madzi amenewo ndi oipa, ndimawaipitsa ndine. Koma amayi ako ukuwadziwa, sanali munthu wosunga mawu m'kamwa. Akanafika nazo kumphakati wa kutchalitchi, mphakati n'kufikitsa kwa bambo mfumu, ndipo Lolemba lake ine ndikanakhala panja pa geti. Choncho ndinanena theka. Ndinati, "Lolemba musamapite kudimba. Mvula ikagwa musamalowe m'madzi." Iwo anandiyang'ana n'kuseka. Ati, "Bambo a Tiya, mwayamba liti kuombeza? Lolemba ndiye pamene mbewu zimakhala ndi ludzu, dzulo lake sindinathirire. Mukufuna mpiru uzipita nafe kutchalitchi?" Ndinasekanso. Ukuona mmene kuseka kunandithera moyo?

Ndiye ndinapita ku Limbe n'kukagula majombo akuda a mphira. Ndinaganiza kuti ndakonza zinthu. Amayi ako anawavala kamodzi, n'kuyenda nawo pabwalo ngati msilikali kuti iwe useke. Ati akutentha, ati akulemera, ati azimayi anzawo kudimba awanena kuti akudzimva. Anawaika pansi pa bedi n'kumasungiramo mbewu za mpiru ndi tomato kuti makoswe asadye. Iwo n'kumalowa mumtsinje opanda nsapato, madzi kufika m'mawondo, makheni awiri m'manja, m'mawa ndi madzulo. Ndipo imva ichi, chifukwa ndi chimene chimandinyansa kuposa gudumu. Mpiru wa kudimba lija ine sindinkadya. Ndinkanama kuti umanditsegula m'mimba. Iwenso ndinkakukaniza, ndinati mwana masamba amenewa amamutulutsa zidzolo. Koma amayi ako ankadya ine ndikuona. Wotsala ankaumanga m'mitolo n'kukagulitsa pamsika wa Chilobwe pompano, kwa anthu amene ndimapatsana nawo moni mpaka lero. Ndinasankha oti ndiwapulumutse, Tiyamike, ndipo mkazi wanga sanali pamndandanda.

Chenjezo la theka si chenjezo. Ukumva? Ukadzadziwa kuti chitsime chaipa, usadzanene kuti, "Ndi bwino kumasamala." Anthu amasamala kale, ndi umphawi umene umawalowetsa m'madzi. Udzanene kuti madzi awa asamwedwe, chifukwa chake ndi ichi, ndipo chikuchokera apo. Udzaloze ndi chala. Udzanene m'Chinyanja chimene mayi wa makheni angamve, osati m'Chingerezi cha m'mapepala chimene chimathera m'kabati. Munthu ukamuuza lamulo osamuuza chifukwa, amaseka, ndipo sakulakwa.

Mwayi wokonza unabwerapo, ndipo ndinaukankha ndi manja anga. Chaka china m'malo mwa a Nsapato Zowala kunabwera mayi wina wamfupi, wa magalasi. Dzina lake sindinalidziwe. Anatsika galimoto atavala kale majombo. Tiyi anakana. Ati, "Ndionetseni paipi." A Namaona anandiyang'ana, ndipo ine ndinamva popanda mawu. Ndinatsogola. Ndinamudutsitsa njira yakumtunda, yozungulira, n'kukamufikitsa pamtsinje pamwamba pa mabango, pamene madzi athu sanafike. Panali kangalande ka madzi a mvula. Ndinati ndi apa, madamu. Anatunga yekha, inde, koma anatunga pamene ndinamuimika ine. Anayang'ana madzi, n'kuyang'ana kumunsi, n'kundiyang'ana ine nthawi yaitali. Patapita masiku anandipeza pa siteji ndikudikira minibasi. Anali yekha. Ati, "Bambo, ine ndaona udzu wopsa kumunsi kuja. Udzu supsa wokha m'mphepete mwa madzi. Dzina lanu sindilemba paliponse. Paipi yeniyeni ili pati?" Kondakitala anali akukuwa, "Chilobwe, Chilobwe, m'modzi!" Ndinati, "Madamu, ine ndine wosaphunzira, sindidziwa kanthu." Ndinakwera. Sanabwerenso. Ulendo wotsatira tinapukuta makina fumbi, a Nsapato Zowala n'kutsika galimoto.

Pamenepa pali zinthu ziwiri, uzigwire zonse. Kutunga wekha sikokwanira ngati wakutsogolera ndi munthu wa mwini fakitale. Uziyenda mtsinje wonse ndi miyendo yako, kuyambira kumunsi kukwera, ukuyang'ana udzu, ukununkhiza, ukufunsa azimayi ochapa kuti sopo amachita thovu tsiku liti ndipo manja amayabwa tsiku liti. Iwo amadziwa kuposa mabuku. Chachiwiri, munthu wonga ine akakukana koyamba, ubwererenso. Mayi uja akanabwera kachiwiri, kaya, mwina ndikananena. Ndimadziuza choncho. Mwina ndikudzinamiza. Koma iwe ubwerere, kachiwiri, kachitatu, kutali ndi geti, kutali ndi maso a kapitawo. Ndipo ukalonjeza kuti dzina lake sulilemba, usalilembe. Usamunyoze. Kapena umunyoze mumtima, ali woyenera, koma ubwerere.

Za matenda a amayi ako unaziona ndi maso a mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Zinayamba ngati kuyabwa m'zala za kumapazi. Kenako ming'alu. Kenako zilonda zija za m'miyendo zimene zinkapola pamwamba zikudya pansi. Kenako kutupa, kufooka, mkodzo kuvuta. Achibale anati n'zoponda, wina wawatchera padimba chifukwa cha nsanje. Anatchula ndi dzina la mayi wosalakwa amene anawagawira malo uja, ndipo mayiyo anasamuka m'dera muno ndi manyazi. Ine ndinali pomwepo, chete. Kuchipatala anati impso zatopa. Chimene chinazitopetsa sananene, ine sindinafunse, chifukwa ndinkaopa kuti ayankha.

Masana ena, kutatsala masiku ochepa kuti atisiye, ndinali nditakhala pambali pa bedi lawo ndikuwapatsa phala. Anakankha supuni. Ati, "Bambo a Tiya, mukuganiza kuti ine mphuno ndilibe?" Ndinati mukutanthauza chiyani. Ati, "Zovala zanu za Lamulungu ndinkachapa ndine. Fungo lake ndi lomwe lija la madzi a Lolemba. Ndinadziwa kalekale." Ndinafunsa kuti nanga munkapitiranji? Ati, "Ndinkadikira kuti munene. Ndinkati ngati zili zoopsa kwenikweni, mwamuna wanga sangandisiye ndizilowamo. Mmene munali chete, ndinati basi, n'kununkha chabe." Tiyamike, mawu amenewo ndimadzuka nawo, ndimayenda nawo, ndimadya nawo. Sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Anangowonjezera kuti, "Mwanayu akakula mudzamuuze. Musadzamupatse majombo opanda mawu ngati mmene munandipatsira ine." Ndinalonjeza. Unakula. Unalemba mayeso a sitandade eyiti, ndinati adikire asasokonezeke. Unafika fomu folo, ndinati adikire. Wakhoza, ndinati adikire asangalale kaye. Munthu wamantha sasowa tsiku labwino lakutsogolo.

Gudumu ndinalipotozabe zaka zina zitatu amayi ako titawaika m'manda. Ichinso udziwe. Sindinasiye chifukwa cha chisoni. Anandichotsa okha msana utayamba kuvuta, n'kuika wina wa msana wabwino. Tsiku lotsanzikana bwana wa fakitale anandigwira chanza, ati ndinali munthu wokhulupirika.

Tsopano za kumene ukupita. Unandiwerengera ntchito zimene maphunziro akowa amatsegula, ndipo ndinamvetsera ngakhale ndinkaoneka ngati ndikusoka nsapato. Unati ungagwire ntchito kumene amayeretsa madzi akumwa a mzinda. Unati ungakonze njira za madzi a m'zimbudzi kuti asathere m'mitsinje, kapena malo otayira zinyalala, kapena ngalande zoti mvula isamagwetse nyumba za anthu kuno kumapiri. Unati ena amapita kumigodi, ena amayendera malo asanamange msewu kapena fakitale n'kulemba ngati kumangako sikuwononga. Unatinso mafakitale enieniwo amalemba ainjiniya otere. Zonsezo ndi ntchito zabwino, sindikukaniza ina iliyonse. Koma kulikonse kumeneko kuli botolo, ndipo kumapeto kwa pepala kuli kamzere koti usainepo. Chimene adzafune kwa iwe si nzeru zako. Nzeru zimawasowetsa tulo. Adzafuna dzina lako pakamzerepo, chifukwa dzina la munthu wa digiri limatseka pakamwa pa mudzi wonse. Ine chala changa cha inki sichikanatha kuyeretsa mtsinje uja. Anauyeretsa ndi cholembera a Nsapato Zowala, amene anaphunzira zomwe ukukaphunzira iwezi, amene ankadziwa kusiyana kwa madzi a pampopi ndi a mumtsinje kuposa ine. Usaganize kuti kadothi kanga kanamupusitsa. Sanafune kudziwa, basi. Lero ndimamuona nthawi zina m'tauni, wakalamba bwino, adzukulu ali m'galimoto. Sandizindikira. Angandizindikire bwanji munthu amene sanandiyang'anepo kumaso?

Sadzabwera kwa iwe ndi nkhope yoopsa, mwana wanga. Adzabwera ndi ulemu. Adzakutcha injiniya, adzakutsegulira chitseko, adzakufunsa za bambo ako okalamba ku Chilobwe. Adzakuuza zomwe anandiuza ine, kuti ukanena zoona anthu ambiri ataya ntchito, ndipo mwina sadzakhala akunama. Pamenepo ndi pamene maphunziro ako adzaoneke ngati ali ndi ntchito. Ine ndinkadziwa njira ziwiri zokha, kutsegula gudumu kapena kutseka fakitale. Iwe ukaphunzire yachitatu. Ukaphunzire kudzutsa makina akufa aja, kuti anthu agwire ntchito ndipo mayi wa kumunsi athirire mpiru wake. Ngati sukaphunzira zimenezo, a Bwanali adzakhala kuti ananena zoona, bola wilibala.

Kusukuluko anzako adzakhala ana a m'nyumba za mipanda, amene madzi amawadziwa potsegula mpopi. Ena adzakuseka kalankhulidwe, ena adzakufunsa ngati ku Chilobwe kumafika galimoto. Usabise kumene ukuchokera. Iwo adzaphunzira za chitsime choyandikana ndi chimbudzi pa bolodi, iwe unamwamo. Ndipo usadzazolowere mpando. Madzulo aliwonse ukamavula nsapato uziziyang'ana. Ukadzaona kuti mwezi watha zili zowala, udziwe kuti wayamba kusanduka munthu uja.

Majombo a amayi ako ndawatulutsa pansi pa bedi. Ndawatsuka. M'jombo lakumanzere munali mbewu za mpiru m'kapepala, zouma, ndazisiya momwemo. Mphira wake ukadali wolimba, anavalidwa kamodzi kokha. Phazi lako ndi la amayi ako, akukwana. Ndawaika pamwamba pa chikwama chako. Ulendo uno akubwera ndi mawu.

Ndili ndi pempho limodzi, ndipo ndilibe ufulu wolipempha. Ine sindidziwa ngati madzi aja ndi amene anapha amayi ako. Zilonda ndikudziwa, zinachokera mumtsinje. Koma impso? Pali masiku amene ndimati ayi, anthu amadwala impso osapondamo mumtsinje. Pali masiku amene ndimati Jositino, usadzinamize. Ndakhala pakati pamenepa zaka khumi ndipo palibe amene ndingamufunse. Iwe ukukaphunzira mayina a zinthu zimene zimakhala m'madzi otsukira zikopa, ndi zimene zimachita m'thupi la munthu. Ukadzadziwa, udzandiuze. Ngati yankho lili lakuti inde, udzanene kuti inde. Usadzaponyemo kadothi kuti ndimwe bwino. Ndipo ukadzabwera patchuthi, ngati udzabwere, miyendo yanga ikadali ndi mphamvu yofika m'mabango muja. Paipi ikadalipo. Mwezi wathawu ndinapitako Lamulungu belu lachiwiri likulira, ndinaima patali, ndipo ndinaimva ikutsokomola. Ndidzakutsogolera njira yeniyeni, yakumunsi. Botolo udzabwere nalo, ndipo udzatunge wekha.

Ndikuuze zoona zomaliza. Maganizo anga anali oti kalatayi ndiipinde n'kuilowetsa m'jombo lakumanja, kuti ukaipeze uli kutali, ine nditakuperekeza kale ku depoti ya ku Limbe, utandigwira dzanja ngati bambo wabwino. Ndinaiikamo m'mawa uno. Kenako ndinaona kuti ndi gudumu lomwe lija, kudikira mvula kuti ifunde. Ndaitulutsa. Ndikupatsa m'manja ukangobwera kotsanzika azakhali ako, dzuwa likadalipo.

Ine ndikhala pakhonde. Sindipita kulikonse. Ukamaliza kuwerenga, ngati uli ndi mawu, utuluke unene, ngakhale anthu a m'nyumba zoyandikana amve. Ngati ulibe, usadzikakamize. Amalume ako ndawauza kale kuti mwina chikwama mawa anyamule ndi iwo, msana wanga wavuta. Chifukwa chenicheni si msana. Limenelo ndi bodza langa lomaliza, ndipo ndakusiyira iwe kuti ulisunge kapena uliphwanye. Ukafuna kuti ndinyamule ndine, ungoika chikwamacho pakhomo panga m'mawa. Ukapanda kuika, ndidzamva, ndipo sindidzati walakwa.

Koma majombo utenge. Amenewo si anga.

Ndine bambo ako,
Jositino